Kwa Mlonyeni si podutsira chabe

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri m'maminibasi a pa msewu wa M12. Akuti ku Mchinji kulibe choti munthu n'kukaona, n'kongodutsira popita ku Chipata. Ena amawonjezera kuti wofuna zakale apite ku Roma, kumene mabwinja a zaka pafupifupi 2,000 ali chiimire pakati pa mzinda. Za Roma n'zoona. Bwalo la Colosseum linatsegulidwa m'chaka cha 80, lero mbali ina inagumuka, komabe anthu mamiliyoni amalipira chaka ndi chaka kuti alowemo. Koma zoti kuno kumalire kulibe kanthu, ine ndikukana. Kadera kochokera pa boma la Mchinji kukafika pa chipata cha Mwami, dera la Mfumu Mlonyeni ndi oyandikana nawo, kanaona kugwa kwa ufumu wa Mpezeni, kanaphunzitsa ansembe a mayiko awiri, ndiponso kanadikira sitima zaka 30. Chimene chinasowa ndi anthu oimitsa mlendo n'kumufotokozera.

Eni nthaka oyamba kudziwika bwino ndi Achewa, ndipo dzina lalikulu la nthawi imeneyo ndi Mkanda, ufumu umene ulipo mpaka lero m'boma la Mchinji. Angoni anafika mochedwa. Anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, akutsogoleredwa ndi Zwangendaba. Iye atamwalira kumpoto, m'dziko la Afipa, mtundu unagawikana, ndipo gulu la mwana wake Mpezeni linadzakhazikika m'zigwa zozungulira Chipata cha m'ma 1870. Midzi yawo inafalikira mpaka tsidya lino. N'chifukwa chake ku Mchinji kuli mafumu achingoni, Mlonyeni ndi Zulu, amene mizu ya ufumu wawo ili kwa Mpezeni. Malire anadzalembedwa pambuyo pake, motsata mtunda wogawa madzi: mvula yogwa mbali ino imalowera ku Bua n'kukathera m'nyanja ya Malawi, yogwa mbali inayo imatsikira ku Luangwa. Mzerewo unadutsa pakati pa abale.

Mbiri yolembedwa imayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1890. Mzungu wina wa malonda a minyanga anapeza chikalata chonena kuti Mpezeni wamupatsa dziko, n'kukachigulitsa kwa amalonda a ku London. Kunali mphekesera yoti pansi pa nthaka imeneyi pali golide. Achinyamata achingoni, motsogozedwa ndi Nsingo mwana wa Mpezeni, anaona azungu akuchuluka ndi kumanga malinga, ndipo anati zimenezi ayi. Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi ochokera tsidya lino analowa ndi mfuti zamakina ndi mizinga. Mikondo ndi zishango sizinapirire. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, Nsingo anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Golide uja sanapezeke wochuluka monga ankayembekezera.

Apa ndi pamene Mchinji imalowa m'nkhaniyi. Nkhalamba Mpezeni itadzipereka, inatengedwa kudzasungidwa ku linga la tsidya lino, Fort Manning, kwa pafupifupi chaka. Inabwerera kwawo itatheratu mphamvu, ndipo inamwalira mu 1900. Lingalo linatchedwa dzina la William Manning, msilikali amene pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Boma lonse linkadziwika ndi dzina limeneli mpaka dziko litalandira ufulu, pamene linasinthidwa kukhala Mchinji, monganso Fort Jameson inasandulika Chipata. Kusintha mayinawo kunali koyenera. Chimene chimandipweteka n'chakuti dzina litachoka, nkhani nayo inazilala. Mwana wa sukulu angakuuzeni za John Chilembwe ndi 1915, koma mukamufunsa kumene Mpezeni anasungidwa, amayang'ana pansi, chonsecho ndi kwawo.

Patangopita zaka zisanu nkhondo itatha, kunabwera alendo amtundu wina. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene anayesapo kukhazikika kwa Mponda mu 1889 n'kulephera, anabwereranso mu 1902 n'kutsegula Mua. Mu 1903 anafika pa Kachebere, patsinde pa phiri, pafupi kwambiri ndi malire. Mu 1939 pamalopa panatsegulidwa seminale yaikulu. Kufikira nthawi imeneyo anyamata ena ofuna unsembe ankapita kutali ku Kipalapala m'dziko la Tanganyika, kumene anaphunzira Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala wansembe komanso woyamba kukhala episkopi. Kachebere itatsegulidwa, anyamata a ku Nyasaland ndi a ku Northern Rhodesia anayamba kukhala pa benchi imodzi, kudya nsima imodzi, kuvutika ndi Chilatini chimodzi. James Chiona anadutsa pano. Patrick Kalilombe anadutsa pano asanapite kukapitiriza maphunziro ku Roma. Emmanuel Milingo wa ku Zambia nayenso anaphunzira pano. Mu 1977 maphunziro a zaumulungu anasamukira ku St Peter's ku Zomba, Kachebere n'kutsala ndi a filosofi.

Munthu akafika pa Kachebere amayamba wadabwa ndi kukula kwa nyumba zake. Wangosiya kumene minda ya chimanga ndi mtedza, njinga zonyamula matumba, ana osewera m'fumbi, kenako n'kuona makoma aakulu ndi makonde aatali atatsamira phiri. Panja pamakhala bata, belu likalira limamveka kutali. Akatolika a ku Malawi akakhala ndi mwayi wopita ku Roma amabwerako akusimba za matchalitchi ndi manda a oyera, ndipo n'zosangalatsadi. Koma ansembe ndi maepiskopi ambiri amene anawabatiza ndi kuwalimbitsa anayambira pa makonde awa, ulendo wa maola ochepa kuchokera ku Lilongwe.

Nanga zinatani kuti malo otere asadziwike? Yankho langa lili mu nkhani ya njanji, imene anthu a kuno amaidziwa bwino chifukwa anaiona ndi maso.

Njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979, ndipo mu 1980 inafika ku Mchinji ndi thandizo la dziko la Canada. Cholinga chinali choti ipitirire mpaka ku Chipata, kuti katundu wa kum'mawa kwa Zambia azitsikira ku doko la Nacala. Mtunda wotsala unali waufupi, makilomita osakwana 30. Ntchito ya tsidya linalo inayamba mu 1982, kenako ndalama zinatha, n'kuima. Zitsulo za tsidya lino zinangothera m'tchire. Ana amene anabadwa chaka chimene njanji inafika anakula, kukwatira, kubereka, akumvabe kuti sitima ikubwera. Ntchito inayambiranso zaka za m'ma 2000 zili mkati, ndipo mu Ogasiti 2010 atsogoleri a mayiko atatu anasonkhana kudzatsegula njanjiyo. Kunali magule, nthungululu, mbendera ndi zolankhula za chitukuko.

Mwambo utatha, sitima zinachedwabe. Panalibe malo okwanira opakirira ndi kutsitsira katundu, ndipo panapita zaka zingapo mabogi a katundu asanayambe kuyenda. Ngakhale atayamba, mvula ikawononga njanji kapena mlatho kwina, zonse zinkaimanso. Sitima yonyamula anthu, imene kumwera imayenda pakati pa Limbe, Balaka ndi Nayuchi, kuno sinakhale gawo la moyo wa anthu. Ndipo apa ndi pamene pagona vuto: pa zaka zonsezo, pokonza mapulani ankaganiza za matani a feteleza, chimanga ndi fodya. Za munthu woti atsike pa Mchinji, agone, adye, afunse njira ya ku Kachebere, sizinali m'maganizo. Mu Disembala 2022 pa Mwami panatsegulidwa chipata chatsopano choti apaulendo azidindira mapasipoti pamalo amodzi. N'chinthu chabwino, madalaivala a mathiraki apumako. Koma nachonso ntchito yake ndi yofulumizitsa wodutsa.

Odutsawo ndi ambiri. Alendo akunja amatera pa bwalo la ndege ku Lilongwe, n'kukwera magalimoto opita kukaona nyama ku South Luangwa, ndipo njira yawo ndi yomweyi. Pa chipata amakumana ndi osintha ndalama atagwira mipukutu ya makwacha a mayiko awiri, anyamata a kabaza akuitanira, amayi ogulitsa nthochi ndi mtedza wokazinga. "Bwana, tisinthe?" ndiwo mawu amene amamva. Palibe amene amawauza kuti mfumu ya Angoni a kumene akupitako inakhala m'ndende kumbuyo kwawoko.

Malire aja anagawanso nkhani pakati. Anzathu a ku Zambia anasunga gawo lawo. Mwambo wa Nc'wala, umene unaletsedwa nkhondo ya 1898 itatha, unatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo Febuluwale aliyense anthu amakhamukira ku Mtenguleni, Angoni a ku Mchinji ali nawo limodzi ndi zikopa zawo ndi nthungo, kukavina ingoma. Kumapeto kwa Ogasiti ndi Achewa amene amawoloka kupita ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Kawiri pa chaka M12 imadzaza ndi anthu otsata mbiri yawo. Gawo lathu la mbiriyo lili m'mabuku achingerezi ndi m'makalata akale a ku Zomba, kutali ndi anthu amene ndi eni ake. Pamene tikuchedwa, nkhalango ya m'mapiri a Mchinji, kumene kumachokera mtsinje wa Bua, ikupungulidwa ndi makala ndi nkhuni, chifukwa umphawi sudikira.

Wofuna kudzionera yekha safunika ndalama zambiri. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Mchinji ndi makilomita pafupifupi 110, msewu wa phula. Pa boma mungapite kukaona siteshoni ya sitima, kenako n'kupeza galimoto kapena njinga yamoto yopita ku Kachebere. Popeza pamenepo ndi pasukulu ndi popempherera, ndi bwino kuyamba mwapempha chilolezo kwa oyang'anira. M'midzi ya kwa Mlonyeni, yambani mwaonekera kwa mfumu monga mwa mwambo, ndipo mufunse akuluakulu odziwa za Nsingo ndi za ng'ombe zimene zinalandidwa. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, misewu ya fumbi itauma. Tengani chovala chofunda, kuno kumazizira m'mawa.