Msonkho wa Apwitikizi ndi Mtsinje wa Shire

Dziko lathu la Malawi lilibe gombe pa nyanja yamchere. Katundu yense wochokera kutsidya la nyanja ayenera kupyola m'dziko la eni ake asanafike kwathu kuno, ndipo zimene ife tigulitsa kutali ziyenera kutulukira pa khomo la mnansi. Masiku akale khomo limeneli linali mtsinje wa Shire, umene anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje autcha Tchiri. M'nkhani ino tiona m'mene mitundu iwiri ya Azungu, Angerezi ndi Apwitikizi, inakanganirana za msonkho wa katundu woyenda pa mtsinjewu, ndi m'mene mkanganowo unalembera malire amene alipo kufikira lero.

Msonkho wa pachipata

Poyamba tiyenera kumvetsa chimene anali kulimbirana. Katundu akamalowa m'dziko, boma la dzikolo lilandira ndalama pa chipata kapena pa doko. Ndalama zimenezi ndizo msonkho wa pachipata, umene ambiri autcha kasitomu. Ulipo msonkho wa katundu wodzagulitsidwa m'dziko momwemo, ndipo ulipo wina wa katundu wongopyola, wopita ku dziko lina la kumtunda.

Maboma awiri akayambana, msonkho usanduka chida. Lina likweza msonkho kuti likhaulitse amalonda a linzake, ndipo linzakelo libwezera. Tinaona zotere mu 2018, pamene America inakweza msonkho pa katundu wa ku China, ndipo China nayo inakweza msonkho pa soya ndi zinthu zina za ku America. Koma wamalonda salipira msonkho kuchokera m'thumba mwake. Iye auwonjeza pa mtengo wa nsalu kapena wa khasu, kotero kuti wolipira weniweni ndiye munthu wogula uja kumudzi.

Njira ya pamadzi

David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, nafika kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa. Kumtunda pang'ono anapeza kuti mathithi a Kapichira atseka njira ya sitima, koma kumunsi konse madzi anali oyendeka. Iye anauza anthu a kwawo kuti m'chigwamo mumera thonje labwino, ndi kuti malonda oyenera adzathetsa kugula ndi kugulitsa anthu. Amagololo ena amene anadza naye anatsala m'chigwachi, nasanduka mafumu pakati pa Amang'anja. Mwa iwo munali Kasisi, Chipatula, Mlauli, Katunga ndi Maseya.

Mu 1878 amalonda a ku Glasgow anayamba kampani imene pambuyo pake inatchedwa African Lakes Company. Oiyendetsa anali abale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo anthu anaipatsa dzina lakuti Mandala chifukwa cha magalasi amene John anali kuvala.

Ulendo wa katundu wawo unali wautali. Zombo zazikulu zinali kutsitsa nsalu, mikanda ndi zitsulo ku Quelimane. Kuchokera kumeneko katundu anakwera mtsinje wa Kwakwa m'mabwato, nasenzedwa pamtunda kufikira ku Zambezi, naikidwa m'sitima yotchedwa Lady Nyassa. Sitimayo inali kulowa mu Shire, kupitirira Chiromo, ndi kukocheza kwa Katunga. Pamenepo amtengatenga anali kusenza mitolo pamutu, nakwera nayo phiri kunka ku Blantyre. Pobwerera, sitima inatenga minyanga ya njovu.

Mwini khomo

Tsono Quelimane unali mudzi wa Apwitikizi. Iwo anakhala ku Sena ndi ku Tete kuyambira m'zaka za m'ma 1500, ndipo boma lawo la ku Mozambique linali losauka, lodalira kwambiri msonkho wa pamadoko. Mawu awo anali akuti, Zambezi ndi wathu, pakuti magombe ake onse awiri ndi athu, ndipo yense wodutsa pakhomo pathu alipire. Angerezi anayankha kuti mtsinje waukulu wotere ndi msewu wa mitundu yonse, umene munthu mmodzi sangautseke.

Mu 1877 Apwitikizi anafewetsa mtima, naika msonkho wochepa pa katundu wongopyola: pa katundu wa mtengo wa mapaundi 100, wamalonda anali kulipira mapaundi 3 okha. Msonkho wochepawu unathandiza a Mandala kuyamba bwino ntchito yawo. Koma posakhalitsa Apwitikizi anaona kuti minyanga imene kale inali kudzera m'manja mwa amalonda awo tsopano ilikupita ndi alendo, ndi kuti alendowo alikumanga midzi m'dziko limene iwo analiyesa lawo.

Mu Febuluwale 1884 maboma awiriwo analemba pangano. Angerezi anavomera kuti Apwitikizi akhale eni a kumathiriro kwa mtsinje wa Congo, kumadzulo kwa Africa, ndipo Apwitikizi anavomera kuti Zambezi akhale wotseguka, ndi kuti pa Shire asapitirire pamene Ruo athira. Koma France, Germany ndi amalonda ena a ku Britain komweko analitsutsa panganolo, ndipo linafa lisanagwire ntchito. Apwitikizi, poona kuti sanapindule kanthu, anabwezera pa katundu wa kumtunda, nachotsa mwayi uja wa msonkho wochepa. Mlandu unali wa ku Congo, koma amene anaumva kuwawa anali ogula nsalu ku Shire.

Eni chigwa atseka mtsinje

Tisayese kuti anthu a m'chigwa anali kungoonerera. Mafumu a Amagololo anadziwa kuti mtsinje upita pakhomo pawo nawonso, ndipo kawirikawiri anakangana ndi Azungu pa mtengo wa minyanga. Chaka chomwecho cha 1884 wamalonda wina, George Fenwick, anayambana ndi Chipatula pa nkhani ya malonda, namuombera mfuti, ndipo Chipatula anafa. Anthu ake anamupha Fenwick, namiza Lady Nyassa, natseka njira. Kasisi ndiye anagwira ntchito yobweza mtendere.

Kumunsi kwa Ruo nakonso, anthu a dziko la Massingire anaukira Apwitikizi chifukwa cha msonkho wa pamutu umene anawaikira, nawononga malo awo kufikira ku Mopeia. Kwa miyezi ingapo katundu sanayende bwino pa Shire. Azungu a mitundu yonse iwiri anaphunzirapo kanthu, kuti wofuna kulamulira malonda a pa mtsinje ayenera kulamuliranso mtunda. Kuyambira pamenepo mkangano wa msonkho unayamba kusanduka mkangano wa dziko.

Khomo lachiwiri

Mu 1888 Apwitikizi anagwira sitima ina ya Mandala yotchedwa James Stevenson, nati sitima yoyenda pa Zambezi iyenera kukhala ya Mpwitikizi. Boma la Angerezi litadandaula, anaimasula. Anachedwetsanso mfuti ndi wonga zimene kampaniyo inafuna pa nkhondo yake ndi Mlozi ku Karonga.

Mphamvu yonse ya Apwitikizi inali pa chinthu chimodzi, kuti katundu ayenera kutsika pamtunda ku Quelimane, pamene panali nyumba yawo ya msonkho. Koma mu 1889 Daniel Rankin anadziwitsa anthu a ku Britain kuti ku Chinde kuli mtsinje wakuya, umene zombo za m'nyanja zingalowerepo mu Zambezi. Katundu wolowera kumeneko sakadafunikanso kuponda nthaka ya Quelimane. Chaka chomwecho kazembe Harry Johnston analowera pa Chinde m'chombo chankhondo cha Angerezi, nakwera Shire.

Apwitikizi nawo sanagone. Mtsogoleri wawo Serpa Pinto anadza ndi asilikali ambiri kulinga ku Ruo. John Buchanan, amene anali kugwirizira udindo wa kazembe, analengeza kuti dziko la Amagololo ndi la kumapiri la Blantyre zili m'chitetezo cha Mfumukazi Victoria. Nthawiyo Kasisi anali atamwalira, ndipo Mlauli ndiye anali wamkulu. Mu Novembala 1889 Mlauli anathira nkhondo msasa wa Serpa Pinto, koma mfuti za Apwitikizi zinali zamphamvu, ndipo anthu ake ambiri anafa. Asilikali a Apwitikizi analanda Chiromo, nakwera mpaka kwa Katunga. Mwazi umene unakhetsedwa pa mkangano wa Lisbon ndi London unali wa Amagololo ndi Amang'anja, ndi wa asilikali akuda a mbali inayo.

Mawu otsiriza a Angerezi

Pa 11 Januwale 1890 Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Angerezi, anatumiza mawu ku Lisbon akuti asilikali achoke ku Shire msanga, apo ayi ubwenzi utha. Portugal inalibe mphamvu zolimbana ndi zombo zankhondo za Angerezi, ndipo inagonja. Anthu a ku Lisbon ndi ku Porto anapsa mtima kwambiri. Nduna za boma lawo zinatula pansi udindo, ndipo anthu ambiri anapangana zoleka kugula katundu wa Angerezi. Nyimbo imene pambuyo pake inakhala ya fuko la Portugal inapekedwa chaka chomwecho chifukwa cha mkwiyo umenewu. Koma kunyanyalako sikunakhalitse, pakuti Angerezi ndiwo anali kugula vinyo wambiri wa Apwitikizi, ndipo Apwitikizi anali kufuna malasha ndi nsalu za ku Britain. Wosauka akabwezera wolemera pa malonda, kawirikawiri ayamba kumva njala ndi iye mwini.

Chaka cha 1890 chisanathe, Angerezi analowetsa mu Zambezi sitima ziwiri zankhondo, Herald ndi Mosquito. Dzina lakuti Port Herald, limene Nsanje inadziwika nalo m'nthawi ya atsamunda, linachokera ku sitima yoyambayo.

Pangano la 1891

Pa 11 Juni 1891 maboma awiriwo anasainirana pangano lotsiriza. Zambezi ndi Shire anakhala otseguka kwa sitima za mitundu yonse. Msonkho wa katundu wongopyola m'dziko la Apwitikizi unaletsedwa kupitirira mapaundi 3 pa 100 kwa zaka 25. Angerezi anabwerekanso malo ku Chinde kwa zaka 99, kuti azitsitsirapo katundu wawo popanda kulipira msonkho wa Apwitikizi.

M'pangano lomwelo analemba malire. Mzere unatsata Ruo kufikira ku Chiromo, nutsika ndi Shire, kotero kuti kumunsi kwa Chiromo tsidya la kummawa linakhala la Apwitikizi, ndipo la kumadzulo, kumene kuli Nsanje, la Angerezi. Palibe mfumu ya m'chigwa imene inafunsidwa. Abale a mimba imodzi, Amang'anja ndi Asena, amene anali kuolokerana pa bwato kukalima ndi kukalira maliro, anapezeka ali anthu a maiko awiri.

Nanga anthu a m'chigwa anapindulanji? Sitima zinachuluka, nsalu ndi mchere zinapezeka, ndipo ambiri analowa ntchito yotema nkhuni za sitima ndi yosenza katundu. Koma boma latsopano la Angerezi, limene linalengezedwa mu Meyi 1891, linamanga nyumba yakeyake ya msonkho ku Chiromo. Iwo amene anadana ndi kasitomu ya ku Quelimane anayamba kulandira kasitomu okha. Pofika 1894 mwini nyumba aliyense anali kukhoma mashiling'i 3 pachaka. Mafumu a Amagololo, amene kale anali ndi mawu pa katundu wopita pa mtsinje, anataya mphamvu imeneyo.

Mtsinje ukana

Chimene Angerezi anapambana ndi zombo zankhondo sichinakhalitse. Madzi a Shire anayamba kuchepa chaka ndi chaka, ndipo sitima zinalephera kufika kwa Katunga, kenaka ngakhale ku Chiromo m'chilimwe. Chifukwa chake anamanga njanji yochokera ku Port Herald kunka ku Blantyre, imene inatha mu 1908. Mu 1915 njanji inafika ku Chindio, pa gombe la Zambezi. Mu 1922 njanji ina inalumikiza Zambezi ndi doko la Beira, ndipo chaka chomwecho namondwe anawononga Chinde, kumene nyanja inali itayamba kale kudya malo a Angerezi aja. Mlatho waukulu wa pakati pa Sena ndi Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, katundu anayenda pa njanji kuchokera ku Beira mpaka ku Blantyre. Ndipo Beira nalonso linali doko la Apwitikizi. Patapita zaka zonsezo, katundu wa dziko lino anabwereranso pa khomo la mnansi yemweyo.

Akuluakulu amati mlandu suola. Malawi inalandira ufulu mu 1964, ndi Mozambique mu 1975, koma funso la mtsinje linatsala. Mu Okutobala 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula doko latsopano ku Nsanje, pofuna kuti katundu adzerenso pa Shire ndi Zambezi, njira ya mtengo wotsika. Boma la Mozambique linagwira ku Marromeu bwato lonyamula feteleza limene linali kupita ku mwambowo, nati chilolezo panalibe, ndiponso akatswiri anali asanafufuze ngati zombo sizidzawononga mtsinje. Khamu linasonkhana pa gombe la Nsanje, koma katundu sanafike.

Inu owerenga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mukaona mlonda wa pachipata cha Marka alikufunsa makalata a katundu, dziwani kuti ntchito yakeyo inabadwa m'mkangano umene tafotokozawu. Mbiriyi itiphunzitsa kuti dziko lopanda gombe silingakhale ndi njira ya malonda popanda kumvana ndi mwini khomo. Angerezi anatsegula Zambezi ndi kuopseza, pakuti anali ndi zombo zankhondo. Ife tilibe zombo zotero, ndipo a ku Mozambique ndi abale athu, olankhula Chisena ndi Chinyanja monga ife. Njira imene tili nayo ndiyo kukhala nawo pansi, kupangana msonkho umene mbali zonse ziwiri zingausenze, ndi kusunga panganolo ngakhale pa tsiku limene tayambana pa nkhani zina.