Diamphwe, Mtsinje Umene Anauyeza Koma Sanautseke

Mitsinje ya Lilongwe ndi Diamphwe, imene imathirira dziko la kumwera kwa likulu, imabadwira m'mapiri a Dzalanyama, amene msana wake ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, ndipo nkhalango yake boma la atsamunda linaipatula mu 1922 kuti nkhwangwa isalowemo. Makolo a ku Mitundu ndi ku Nathenje sanadziwe nyanja yomanga ndi manja. Iwo anali kulima madimba m'madambo, kumwetsa ng'ombe pamadooko, ndi kugoneka akufa awo m'misitu ya manda, kumene Gule Wamkulu amatulukira kufikira lero lino.

Woyamba kutsekedwa anali Lilongwe. Damu loyamba la Kamuzu linamangidwa ku Malingunde mu 1966, ndipo likulu litachoka ku Zomba kupita kumzinda wa Lilongwe mu 1975, ludzu la mzinda linakula kotero kuti lachiwiri linatsatira mu 1989. Pamene awiriwa anaoneka kuti sadzakwanira, maso a akuluakulu a zamadzi anatembenukira kwa Diamphwe, amene amalekanitsa maboma a Lilongwe ndi Dedza. Oyeza malo anafika m'madera a mafumu Chadza, Kalumbu ndi Mazengera, nalemba minda, nyumba ndi manda zimene madzi akanamiza. Anthu anayamba kufunsana za chipukuta misozi ndi za kumene adzasamukire. Koma World Bank, imene inayembekezeka kupereka ndalama, inabweza dzanja, ndipo nkhani inasanduka ya kukoka madzi a m'nyanja ku Salima ndi mapaipi. Kwa mlimi amene munda wake unalowa m'buku, kudikira kotereku ndi msonkho umene palibe anaulengeza, pakuti ndani adzawotcha njerwa kapena kubzala mango pamalo pamene auzidwa kuti padzakhala madzi?

Akulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo khwawa la Diamphwe ndi lalitali kuposa mapu a oyeza aja. Iye amathira mu Linthipe, umene nsomba ya mpasa imakwera kuchokera kunyanja kuti ikaswane pamiyala ya madzi othamanga. Linthipe amathira m'nyanja imene magombe ake ali m'maiko atatu. Nyanjayo imatulukira mu Shire, amene atazunguza makina a magetsi ku Nkula, amakagwera mu Zambezi m'dziko la Mozambique lomwe lija. Damu limodzi silingaumitse nyanja, inde, koma likhoza kusintha nyengo imene madzi amafikira pamiyala ya mpasa, ndipo msodzi wa kumunsiyo saitanidwa kubwalo la mfumu ya kumtunda.

Kumtundako nakonso kuli mlandu. Makala a Dzalanyama, amene amatsika panjinga usiku ndi usana kupita kumzinda womwewo wa ludzu, anadya nkhalango kufikira boma linatumiza asilikali mu 2015 kuti akailondere; ndipo phiri likavulidwa, dothi lake limatsika ndi mvula yoyamba kukadzaza madamu amene alipo kale.