Mbiri Yosungidwa m'Matope a Pansi pa Nyanja

Ana inu ndi aphunzitsi, mu Disembala 1872 sitima yochedwa Challenger inanyamuka pa doko la Portsmouth ku England, ndipo inayenda pa nyanja zikuluzikulu za mcere kufikira 1876. Akatswiri a m'sitimamo anali kutsitsa zingwe zazitali ndi kuvuula matope a pansi. Mmodzi wa iwo, John Murray, anawapima mosamala, naona kuti m'malo ambiri matopewo ndi tizigoba ta tizilombo tocepa ngati mcenga, tochedwa foraminifera. Tizilomboti tikafa, tizigoba take timamira ndi kuunjikana pang'onopang'ono. Kaŵirikaŵiri pamapita zaka 1,000 kuti matope akwere masentimita oŵerengeka cabe.

Tsono matope a pansi ndiwo akale, ndipo a pamwamba ndiwo atsopano. Vuto linali kuwaturutsa osawasakaniza. Mu 1947 Börje Kullenberg wa ku Sweden anayenda ndi sitima ya Albatross atatenga cipangizo cake, cimene cinali mpope wautali wolasa m'matope. Mpopewo unali kuturuka ndi matope otalika mamita oposa 10, ali m'dongosolo lake.

Munthu amene anaŵerenga bwino mbiri ya m'matope otere ndi Cesare Emiliani, Mtaliyana wogwira nchito ku Chicago. Okosijeni wa m'madzi ali wa mitundumitundu, wina wopepuka, wina wolemererapo. Dziko likazizira ndi kukutidwa ndi madzi oundana, tizigoba timene timapangika nthawi imeneyo timakhala ndi wolemera wocurukirapo. Mu 1955 Emiliani anapima tizigoba kucokera pamwamba kutsika pansi. Akatswiri anali kuphunzitsa kuti cisanu cacikulu ca masiku amakedzana cinabwera kanayi, koma matope anaonetsa kuti cinabwera ndi kupita kambirimbiri. Ine ndiyesa kuti pamenepa tizilombo tinawacititsa manyazi anthu ophunzira!

Mu 1970 sitima yoboola pansi, Glomar Challenger, inapeza cinanso codabwitsa pa nyanja ya Mediterranean. Pansi pa matope panali mcere ndi mwala wofewa wochedwa gypsum, zinthu zimene zimatsalira madzi a mcere akaphwa. Kenneth Hsü ndi William Ryan, atsogoleri a akatswiriwo, anati nyanjayo inauma zaka pafupifupi mamiliyoni 6 zapitazo, njira yake ya ku Atlantic itatsekeka. Akatswiri akali kutsutsana ngati inaumiratu. Aphunzitsi, gypsum ameneyu ndiye amapangira coko cambiri colembera pa bolodi. Aonetseni ana cidutswa cimodzi.