Amtengatenga ndi Mvumbi pa Njira ya ku Domira Bay

Masiku ano mlendo akabereka chikwama n'kumayenda m'mbali mwa nyanja mvula ikumuvumba, timati akuona dziko. Makolo a anthu a ku Namitete, Mpingu ndi Nsaru nawonso ankatsikira kunyanja wapansi, koma katunduyo anali wa eni, ndipo tsiku lonyamuka ankawasankhira ndi ena. Olemba mbiri amakonda kutamanda sitima zapanyanja ndi njanji, komatu kwa zaka zambiri chimene chinkalumikiza nyanja ndi chigwa cha Lilongwe chinali khosi la munthu, ndipo chachikulu chimene chinachititsa zimenezi ndi dzinja.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, katundu wopita ku Fort Jameson, komwe lero ndi Chipata, ankatsitsidwa padoko la Domira Bay, n'kukwera zitunda za ku Dowa, kudutsa pa boma la Lilongwe, kenako kulowera kumadzulo. Kunyanjako ng'ombe zinkatha ndi kashembe. Kumtunda nako, mvumbi ukagwa sabata yathunthu ngolo zinkatitimira m'madambo, mitsinje ili thothotho. Wotha kudutsa anali munthu yekha: apinde nkhata, asenze mtolo woposa makilogalamu 20, awoloke madzi olekeza m'chifuwa ataugwiriza ndi manja onse awiri. Ngakhale David Livingstone anazionera yekha. Chakumapeto kwa 1866, antchito ake a ku chilumba cha Johanna atamuthawa kummwera kwa nyanja, anadutsa kufupi ndi Dzalanyama n'kuwoloka Bua akupempha onyamula katundu mudzi ndi mudzi, ndipo mu Januwale 1867, mvula itafika povuta, onyamula katundu awiri anamuzemba atanyamula bokosi lake la mankhwala.

Ena anganene kuti umtengatenga unali ganyu ngati wina aliyense, poti anthu ankalipidwa. Kulipidwa ankalipidwadi, koma ndalamayo inkangodutsa m'manja kupita kumsonkho wa nyumba, ndipo ndani angasiye munda wake mu Disembala mwa kufuna kwake? Nthawi imene ngolo zinkalephera ndi yomweyo imene chimanga chimafuna kupalira ndi kubandira. Bambo wochoka pamenepo ankasiyira mkazi khasu ndi ana, ndipo njala inkadzaonekera chaka chinacho nkhokwe itapepuka. Nkhondo ya Chiwaya, ya 1914 mpaka 1918, ndiyo inavula nkhaniyi chigoba. Asilikali a boma la Britain otsogozedwa ndi Northey atalowa m'dziko la Ajeremani kumpoto kwa Karonga mu 1916, sitima zinkasiya ufa ndi zipolopolo m'madoko, kwinako n'kumayenda pamitu. Amuna pafupifupi 200,000 a m'dziko muno anasenza katundu wankhondo. Mafumu, amene lamulo la 1912 linawasandutsa dzanja la boma, ankauzidwa chiwerengero choti apereke. Anthu ankagwidwa usiku, ndipo mwamuna akathawira kuthengo ankamugwirira mkazi. Ambiri sanafe ndi mfuti ayi. Anatha ndi kamwazi ndi chibayo, pogona pamtetete nsalu ili chinyowere, phoso losakwana.

Palinso onena kuti galimoto ndi njanji zinathetsa msanga mavutowa. Zoona, mzungu wolima fodya A. F. Barron atatsegula esiteti ya Mbabzi mu 1920, fodya anabweretsa malole ndi misewu kuchigwaku, ndipo njanji inafika ku Salima mu 1935. Koma fodya amagulitsidwa mvula itatha, choncho misewuyo inali ya chilimwe, yadothi, yolambulidwira malonda a mwini lole. Mlimi ankasenzabe fodya wake kukafika kumsika, ndipo m'dzinja wodwala ankapita kuchipatala pamachila. Misewu yambiri yolowa m'midzi ya kumadzulo kwa Lilongwe inadzalambulidwa ndi chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chimene chinayamba mu 1968, patatha zaka zoposa 30 sitima yapamtunda ikulira ku Salima.