Ciwerengero ca Akufa ku Chikumbi

M'mawa wa pa 19 October 1978 ndeke za nkhondo za ku Rhodesia zinaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka. Mkokomo wace unamveka kufikira mumzinda, ndipo nkhalamba za ku Kaunda Square zikali kusimba za tsikulo. Msasa wa ku Mkushi unathiridwanso nkhondo.

Maliro asanathe, mkangano unabuka. Boma la ku Salisbury linalengeza kuti lapha ankhondo oposa 1,500. Bambo Joshua Nkomo anati ku Chikumbi kunafa anthu 226, opwetekwa 629, ndi kuti anali othawa kwao opanda zida. Kawirikawiri anthu amaiwala kuti ciwerengero coyambaco cinali ca misasa yonse pamodzi, pamene caciwirico cinali ca msasa umodzi.

Koma mlandu weniweni unali wakuti akufawo anali ayani. Azungu a ku Rhodesia anali ndi ukali cifukwa ca ndeke ya Viscount imene asilikali a Nkomo anagwetsa pa 3 September, ndipo ciwerengero cacikulu cinawaziziritsa mtima. Masiku omwewo Ian Smith anali ku America kupempha kuti abvomereze cipangano cace ndi Bishopu Muzorewa. Kwa iye kunali koyenera kuti akufawo akhale asilikali. Nkomo anafuna cifundo ca maiko, komanso sanafune kuoneka wogonjetsedwa.

Wopanikizidwa koposa anali Pulezidenti Kaunda. Masabata awiri okha anali atapita citsegulire njanji ya kumwera, kuti feteleza afike mvula isanagwe.