Kuchoka pa malimidwe kufika pa VDC: mbiri ya mapulani a nthaka ku Linthipe

Ambiri a inu Linthipe mumangomudziwira pawindo la minibasi mukamachoka ku Lilongwe kupita ku Dedza pamsewu wa M1, ife tikukuthamangirani ndi mbatatesi, tomato, kabichi ndi anyezi. Zonsezo zimachokera m'nthaka ndi m'madambo a kuno. Sabata ino ndati tione mbiri ya momwe aboma akhala akukonzera mapulani osamalira nthaka imeneyi, ndi chifukwa chake ena anagwira pomwe ena anathera papepala.

Tiyambe ndi nthawi ya atsamunda. M'chaka cha 1924 iwo analengeza kuti phiri la Chongoni ndi timapiri tozungulira ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma. Cholinga sichinali choipa ayi, poti mapiri ndiwo amasunga madzi a mitsinje. Koma malo amene anthu ankatolako nkhuni, kutchera mbewa ndi kukumba mankhwala anangosanduka "a boma". Malire ake anawasintha kangapo pambuyo pake chifukwa midzi inali pomwepo kale.

Kenaka mu 1946 kunabwera lamulo la zachilengedwe limene linabala chimene makolo athu ankachitcha malimidwe. Kale ambiri ankadzala pamatutu. Tsopano anauzidwa kuti azilima mizere yopingasa phiri ndi kuunda milambala kuti madzi asakokolole nthaka. Wokana ankamulipiritsa chindapusa, ena kumangidwa kumene. Anthu anadana nazo koopsa, moti nkhani ya mizere inalowa m'ndale zokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu, kwa aneba athu konkuno, inachotsedwa paufumu itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a ulimiwo.

Chodabwitsa n'chakuti lero palibe amene amatikakamiza kugalauza mizere, koma aliyense amatero. Nzeruyo inali yabwino. Chimene anthu ankakana ndi chikoti.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mapulani ankachokerabe kumwamba. Ku Chongoni ndi kuphiri la Dedza mitengo ya paini inachuluka, ndipo mu 1976 boma la Kamuzu linayambitsa tsiku lodzala mitengo. Alonda a nkhalango ankaopedwa. Komatu mantha ndi mpanda wa mapesi, sukhalitsa. Matipate atabwera mu 1994, ena anamva ngati ufulu ndiye kutenga nkhwangwa n'kulowera kuphiri. Kuonjezera apo, anthu tinachuluka: kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 830,000 m'boma la Dedza. Tonsefe tikufuna munda, nkhuni ndi njerwa zootcha.

Kusintha kwakukulu papepala kunadza kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Lamulo la nkhalango la 1997 linalola midzi kukhala ndi nkhalango zawozawo ndi makomiti oziyang'anira. Mu 1998 kunadza lamulo la maboma aang'ono, lija timati mphamvu ku anthu. Kuyambira pamenepo njira yake imayenera kuyenda chonchi: anthu pamudzi amakhala pansi mu komiti ya chitukuko ya VDC, pansi pa gulupu, n'kulemba mavuto awo. Zimenezo zimapita ku ADC, komiti ya dera la mfumu yaikulu ngati Kaphuka kapena Kachere. Kuchoka apo zimakafika ku khonsolo ku Dedza boma, komwe amazisonkhanitsa kukhala pulani ya chitukuko ya boma lonse. Nkhani za mitengo, madambo, mitsinje ndi zinyalala zimayenera kulowa momwemo.

Koma taonani zimene zinachitika. Makhansala oyamba anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo n'kutha mu 2005. Kuchoka apo dziko lonse linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Zaka 9 zathunthu mphamvu ku anthu inalibe oinyamula. Mwana amene anabadwa makhansala akuchoka anali ali sitandade 3 kapena 4 pomwe ena ankalowa. Ndiye tizidabwa kuti ambiri sitinazolowere zoti pulani ya boma imayambira pansi pa mtengo m'mudzi mwathu?

Mkati mwa zaka zomwezo, mu 2006, bungwe la UNESCO linaika Chongoni pamndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse lapansi, chifukwa cha malo 127 okhala ndi zojambula pamiyala, zina za Akafula, zina za Achewa. Mbiri yotere ingathe kubweretsa alendo ndi ndalama, koma mlendo sangabwere kudzaona phiri la zitsa.

Ndipo nkhaniyi si ya ife tokha. Mtsinje wa Linthipe umalandira madzi a Diamphwe ndi a Lilongwe n'kukathira m'nyanja ku Salima. Tikalima mpaka m'gombe, dothi lathu limakathera kumeneko. Kwa zaka zambiri kwamvekanso mapulani omanga damu pa Diamphwe loti lizipereka madzi mumzinda wa Lilongwe, ndipo funso la anthu linali lomwe lija la 1924: nanga minda yathu?

Pa mbiri yonseyi ine ndikuonapo chinthu chimodzi. Pitani m'mudzi uliwonse kuno kwa Achewa, ngakhale pamene mitengo inatha psiti, mupeza msitu wa kumanda uli chiimire. Palibe mlonda wolipidwa, palibe chikwangwani. Ulipo chifukwa aliyense akudziwa mwini wake ndi ntchito yake. Pulani imene anthu amaiona ngati yawo imadzilondera yokha. Imene yaiwala mimba zawo imagonja, ngakhale chilango chikule bwanji. Lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020, koma mayi wokazinga tchipisi kapena mandasi amafunabe moto mawa m'mawa, ndipo wootcha makala ali ndi ana ofuna fizi.

Ife amalonda timadula chiphaso tsiku lililonse la msika, ndipo ndalama imeneyo ndi gawo la chuma cha khonsolo. Choncho tili ndi ufulu wofunsa kuti mu pulani muli dzala la zinyalala, zimbudzi, nazale ya mitengo ndi malamulo a kulima m'mbali mwa mtsinje. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu 2021, akukamba za matauni atsopano ndi ulimi wa malonda. Malo ngati Linthipe akukula kale, ife tifune tisafune.

Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Isanafike, funsani kwa amfumu tsiku limene VDC ya kwanu ikumana, mupiteko, makamaka amayi anzanga amene timadziwa mtunda wa kunkhuni ndi kumadzi. Makolo athu m'nthawi ya malimidwe sanafunsidwe. Ife lamulo likuti tifunsidwe, ndiye tisasowe pabwalo.