Amisiri a Malata a ku Bulawayo ndi Chiphaso Chimene Anamanidwa

Njanji itafika ku Bulawayo m'chaka cha 1897, mzindawo unakula msanga kufikira unakhala likulu la Rhodesia Railways ndiponso mudzi wa mafakitale. Anthu a ku Nyasaland anapita kumeneko ambirimbiri, ena pansi, ena pa magalimoto a ulere. Ambiri anapeza malo ku Makokoba, ndipo a panjanji anakhala ku Sizinda. Mwa ntchito zimene anazipeza munali ya malata: kuyesa lata, kulidula, kulipinda, kulikhoma misomali yake ndi kumata mipata ndi mtovu, kuti patuluke thanki, ngalande ya padenga, chumuni kapena ndowa.

Ntchito imeneyi siiphunzirika pa tsiku limodzi. Lata likadulidwa molakwa silibwerera, ndipo amene afuna kupanga chigongono cha chumuni ayenera kuyamba wachiona m'mutu chili chotambasuka. Chifukwa chake panali mwambo wakuti mnyamata alembedwe pangano ndi mwini fakitale, akhale pansi pa mmisiri zaka zinayi kapena zisanu, naphunzirenso masamu ndi zojambula kusukulu ya zaumisiri, imene inatsegulidwa mu Bulawayo m'chaka cha 1927. Pomaliza ankalandira chiphaso, ndipo chiphasocho ndicho chinkatchula malipiro ake moyo wake wonse.

Khomo limeneli linali la Azungu. Lamulo la 1934 lotchedwa Industrial Conciliation Act silinaŵerenge munthu wakuda ngati wantchito konse, kotero kuti mapangano a malipiro ndi a maphunziro a ntchito sanali kumukhudza. Tsono munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu ankakhala zaka makumi aŵiri akugwirira mmisiri lata, akumupatsira nyundo, nadziŵa ntchito yonse ndi maso. Koma m'buku la kampani anali wothandiza chabe. Kaŵirikaŵiri ndiye ankaonetsa kamnyamata kachizungu kagwiridwe ka lumo, ndipo patapita zaka zoŵerengeka kamnyamatako kankasanduka bwana wake. Sichodabwitsa kuti sitalaka yaikulu ya anthu akuda a panjanji, ya mu October 1945, inayambira mu Bulawayo momwemo.

M'chaka cha 1959 malamulo anasinthidwa, ndipo munthu wakuda analoledwa kulembedwa pangano la maphunziro a ntchito. Papepala zinaoneka bwino. Koma mabungwe a amisiri achizungu sanafune, eni mafakitale anaopa kuŵakwiyitsa, ndipo olembedwa anali oŵerengeka. Sukulu ya zaumisiri ya anthu akuda ku Luveve inatsekedwa itangoyenda zaka zochepa, mu ulamuliro wa Rhodesian Front. Kwa machona kunali chopinga china: boma linayamba kuletsa alendo atsopano kufuna ntchito m'mizinda ikuluikulu.

Ufulu wa 1980 unapeza amisiri achizungu ambiri akuchoka m'dziko, mafakitale ali kakasi. Lamulo la 1984 linaika maphunziro a ntchito m'manja mwa boma, ndipo olemba anthu ntchito anayamba kusonkha ndalama zoyendetsera maphunzirowo. Chimene chinakhudza akuluakulu aja ndicho mayeso a ntchito yamanja: munthu wosapita kusukulu ankatha kuima pamaso pa oyesa, kupinda lata lake, ndi kupatsidwa gulu, kuyambira lachinayi kufikira loyamba. Ena analandira chiphaso imvi zili mbuu. Ena anali atabwerera kale kwawo, kapena atagona kumanda a mzindawo. Ana awo amene anakhoza Chingerezi, masamu ndi sayansi ndiwo analoŵa pakhomo loyenera.

Komatu nyengo yabwinoyi inafupika. Kuyambira 1991, pamene boma linatsegula malire kwa katundu wakunja, mafakitale a ku Belmont ndi Donnington anayamba kuchepetsa anthu, ndipo m'zaka za m'ma 2000 ambiri anatsekeratu. Achinyamata okhala ndi ziphaso anatsikira ku Johannesburg ndi ku Botswana, monga momwe agogo awo anatsikira ku Bulawayo. Otsala anatenga lumo ndi nyundo nakhala m'mbali mwa miseu ndi m'misika, kupanga ndowa, mbaula, mabafa ndi zitini zothirira ndiwo, mwana akuphunzira poyang'ana manja a atate ake popanda pangano lililonse lolembedwa.